MASEWERO-ZIMBABWE: Ku Mbare akukangana za osewera, pomwe chikho chikutsata malipiro

HARARE – Ligi yaikulu ya mpira wamiyendo m'dziko la Zimbabwe ikatha m'mwezi wa Novembala, m'malokeshoni a mzinda wa Harare mumayamba mpikisano wina umene ulibe woimbira. Mpikisanowu umachitikira m'maminibasi ochokera ku Glen View ndi ku Budiriro, pamsika wa Mbare Musika, m'malo ometera tsitsi a ku Machipisa m'dera la Highfield, ndiponso pa WhatsApp. Nkhani yake imakhala imodzi: kodi timu ya Dynamos igule ndani, ichotse ndani, kuti chaka chamawa chikho chibwerere ku Mbare?

Aliyense amakhala ndi mndandanda wake wa maina. Wina amafuna womwetsa zigoli wochokera kunja, wina amati vuto lili mwa otchinga kumbuyo, pomwe wina amaloza chala mphunzitsi. Pafupifupi onse amamaliza ndi mawu ofanana, oti chaka chikubweracho ndi chawo. Mawu amenewa akhala akunenedwa chaka ndi chaka kuyambira mu 2015.

Dynamos ndiyo timu imene yatenga ukatswiri wa ligi kambiri kuposa ina iliyonse m'dzikolo, koposa ka 20, koma inautenga komaliza mu 2014. Pofika kumapeto kwa 2025 panali patadutsa zaka 11. M'chaka chimenecho timuyi inakhala miyezi yambiri ili m'gulu la matimu oyenera kutuluka mu ligi, n'kudzapulumuka m'masabata omaliza. Chikho chinapita kwa Scottland, timu ya ku Mabvuku, lokeshoni ya kum'mawa kwa mzinda womwewo, imene inali itangolowa kumene mu ligiyo.

Mbiri ya zaka 11 zimenezi ikuonetsa kuti ochemerera ali ndi mfundo zomveka pamkangano wawo. Ikuonetsanso kuti pali funso lina limene lakhala likugamula ukatswiri ku Zimbabwe, lomwe silimveka kawirikawiri m'minibasi: ndani akulipira osewerawo, ndipo adzawalipira mpaka liti?

Timu ya anthu a m'malokeshoni

Dynamos inakhazikitsidwa mu 1963 m'lokeshoni imene pa nthawiyo inkatchedwa Harari, yomwe lero ndi Mbare, pamene osewera akuda a matimu a Salisbury City ndi Salisbury United anaphatikizana. Inatenga ligi m'chaka chake choyamba. Dziko litalandira ufulu mu 1980, pamwambo umene unachitikira pabwalo la Rufaro ku Mbare komweko, timuyi inatenga ligi zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 1980 mpaka 1983. Mu 1998 inafika m'ndime yotsiriza ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa wa CAF Champions League, kumene inagonja 4-2 kwa ASEC Mimosas mumzinda wa Abidjan, itafanana nayo mphamvu ku Harare popanda chigoli.

Ochemerera amaitcha timuyi DeMbare, ndipo amakonda kunena kuti alipo 7 miliyoni. Chiwerengerochi n'chongodzitamandira, koma chimasonyeza m'mene amadzionera: iwo amati timuyi ndi yawo, ngakhale ambiri alibe khadi la umembala kapena voti pa kayendetsedwe kake.

Kwa owerenga a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, nkhani ya Dynamos ili pafupi. Malokeshoni a Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara anamangidwa kuti muzikhala antchito a m'mafakitale ndi a m'nyumba za azungu, ndipo ambiri mwa antchitowo anachokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Zidzukulu zawo zikadali komweko, gule wamkulu amavinidwabe, ndipo ena mwa ana awo anakhala akatswiri a mpira. Moses Chunga, mmodzi mwa osewera otchuka kwambiri m'mbiri ya Dynamos, amene anapita kukasewera ku Eendracht Aalst m'dziko la Belgium, ndi wa mtundu wochokera ku Malawi. Naye Joseph Kamwendo wa ku Malawi anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya Zimbabwe mu 2005, akusewerera CAPS United, timu imene imapikisana ndi Dynamos mumzinda wa Harare.

Magulu atatu pamkangano

Maganizo a ochemerera angagawidwe patatu. Gulu loyamba limati mankhwala ake n'kugula osewera a maina, ndipo umboni wake ndi Scottland. Mwini wa timuyo, a Pedzai Sakupwanya, wochita malonda a golide amene anakhala phungu wa dera la Mabvuku-Tafara mu 2023, sanadikire kuti ana akule. Timu itangokwera, anatenga mphunzitsi Tonderai Ndiraya, amene anali atangopambana ligi ya 2024 ndi Simba Bhora, pamodzi ndi osewera angapo a timuyo. Anatenganso Khama Billiat, mwana wa ku Mufakose amene anatchuka ku Mamelodi Sundowns ndi ku Kaizer Chiefs m'dziko la South Africa, kenaka Knowledge Musona, yemwe anakhalapo mtsogoleri wa timu ya dziko. Ligi inatengedwa m'chaka choyamba. Kwa gulu limeneli nkhani imathera pomwepo. Limakumbutsanso kuti a Ndiraya anaphunzitsapo Dynamos kuyambira 2019 mpaka 2022 osatenga ligi, ndipo atapita kumene kunali ndalama anaitenga kawiri motsatizana.

Gulu lachiwiri limati Dynamos inataya njira pamene inasiya kulera ana ake. Limakumbukira chaka cha 2002, pamene a Chunga, ali mphunzitsi, anadzaza timu ndi anyamata ang'onoang'ono amene anthu anawapatsa dzina loti Kidznet. Limati m'mabwalo a fumbi a ku Mbare, Highfield ndi Glen View luso silinathe, kungoti ana aluso masiku ano amayamba apita kusukulu za mpira za anthu wamba. Billiat ndi Musona omwewo analeredwa ndi sukulu ya Aces Youth Soccer Academy ya ku Harare. Mfundoyi ili ndi mbali ya ndalama imene ambiri saidziwa. Malamulo a bungwe la FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka m'dziko lina kupita kwina, ndalama 5 pa 100 zilizonse zimagawidwa kwa matimu amene anamuphunzitsa ali ndi zaka zapakati pa 12 ndi 23. Timu imene ilibe ana olembetsedwa m'kaundula silandira kanthu. Otsutsa gululi amayankha kuti anyamata a Kidznet anasangalatsa anthu koma sanatenge ligi, ndipo ochemerera a ku Mbare alibe mtima wodikira zaka zinayi.

Gulu lachitatu, limene ndi lochepa, limati vuto ndi kusinthasintha. Kuchokera mu 2015 mpando wa mphunzitsi wakhalapo anthu monga David Mandigora, Paulo Jorge Silva wa ku Portugal, Lloyd Mutasa, Lloyd Chigowe, Tonderai Ndiraya, Herbert Maruwa, Genesis Mangombe, Saul Chaminuka ndi Kelvin Kaindu wa ku Zambia, ena mwa iwo kangapo. Mphunzitsi aliyense watsopano amabwera ndi osewera ake, n'kuchotsa amene anawapeza, kotero kuti ligi imayamba timu ikadali kuphunzira maina.

Kumene chikho chakhala chikupita

Mndandanda wa akatswiri kuyambira mu 2015 umathandiza kuyesa maganizo atatuwa. Mu 2015 ligi inatengedwa ndi Chicken Inn ya ku Bulawayo, timu yodziwika ndi dzina la malo ogulitsira zakudya a kampani imene imaithandiza. Mu 2016 inatengedwa ndi CAPS United. Kenaka FC Platinum ya ku Zvishavane, imene inabadwira pamgodi wa Mimosa, inaitenga kanayi motsatizana: mu 2017, 2018, 2019 ndi m'nyengo ya 2021-22, poti mu 2020 ligi sinaseweredwe chifukwa cha mliri wa Covid-19. Mu 2023 inali Ngezi Platinum Stars, yothandizidwa ndi kampani ya migodi ya Zimplats. Mu 2024 inali Simba Bhora ya ku Shamva, ya munthu wamalonda Simba Ndoro, ndipo mu 2025 Scottland.

Mwa matimu atatu akale amene ali ndi ochemerera ambiri, CAPS United yokha ndiyo ikupezeka pamndandandawu, kamodzi kokha. Highlanders ya ku Bulawayo, imene inakhazikitsidwa mu 1926 ndipo imayendetsedwa ndi mamembala, inatenga ligi komaliza mu 2006. Choncho chilala cha Dynamos si tsoka la timu imodzi. Matimu opambanawa anatsata njira zosiyana, ena anagula osewera, ena anasunga gulu limodzi kwa zaka zambiri, koma ambiri amafanana pa chinthu chimodzi: kumbuyo kwawo kunali kampani kapena munthu wokhoza kulipira mwezi ndi mwezi.

Zoterezi zikuchitika m'chigawo chonse. Ku Zambia, ZESCO United ya ku Ndola, imene ndi ya kampani yamagetsi, yatenga ligi kambirimbiri kuyambira mu 2007. Ku Mozambique, União Desportiva do Songo ya m'chigawo cha Tete, yothandizidwa ndi kampani yamagetsi ya Cahora Bassa, inatenga ligi mu 2017, 2018 ndi 2022, kuposa matimu akale a ku Maputo. Dzina ndi khamu la anthu zinasiya kukhala zokwanira.

Chifukwa chake chimaoneka pa kayendedwe ka migwirizano. Ku Zimbabwe migwirizano yambiri ya osewera imatha kumapeto kwa Disembala. Malamulo a FIFA amalola wosewera amene mgwirizano wake watsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kuti asaine ndi timu ina, ndipo timu yake yakale silandira kalikonse. Amalolanso wosewera amene sanalandire malipiro a miyezi iwiri kuthetsa mgwirizano, atapereka chenjezo la masiku 15. Motero timu imene ili ndi ngongole ya malipiro, ya ndalama yosainira kapena ya mabonasi imafika mu Disembala ilibe mphamvu yokambirana. Osewera ake abwino amachoka ulere, ndipo amene imawaitana amayamba afunsa kwa anzawo ngati kumeneko amalipira.

Wosewera wakunja ali ndi mwayi wina, wokasuma ku FIFA mwachindunji, ndipo timu yolephera kulipira ikhoza kuletsedwa kulembetsa osewera atsopano. Dynamos inalawapo mavuto amtunduwu. Christian Epoupa wa ku Cameroon, amene zigoli zake zinathandiza timuyi kumaliza pachiwiri mu 2017, anachoka mu 2018 pankhani ya ndalama zake, ndipo dandaulo lake linafika ku FIFA. M'zaka zotsatira nyuzipepala za ku Harare zinalemba kangapo za osewera a Dynamos akunyanyala zokonzekera pofuna ndalama zawo. Apa m'pamene maganizo a gulu loyamba amafookera. Kugula kumathandiza, monga Scottland inasonyezera, koma wogula ayenera kukhala ndi chosungira chimene wagula.

Phunziro la Kalisto Pasuwa

Nyengo yomaliza ya ulemerero wa Dynamos ili ndi phunziro limene owerenga a ku Malawi angalimve msanga. Kalisto Pasuwa, amene anasewererapo timuyi pakati, anaitsogolera kutenga ligi zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 2011 mpaka 2014. Anthu ambiri amakumbukira zikho zokhazo, n'kuiwala kuti zinabwera movutikira. Mu 2011 Dynamos inafanana mapointi ndi FC Platinum, ndipo inapambana chifukwa cha kuchuluka kwa zigoli. Mu 2012 ndi 2013 zinachitikanso chimodzimodzi ndi Highlanders, imene mphunzitsi wake pa nthawiyo anali a Kaindu, omwe anadzapulumutsa Dynamos mu 2025. Mu 2014 inaposa ZPC Kariba ndi pointi imodzi.

Timu ya a Pasuwa inkataya akatswiri ake pafupifupi chaka chilichonse. Goloboyi Washington Arubi, wosewera wopambana onse mu 2011, anapita ku University of Pretoria. Denver Mukamba, amene analandira ulemu womwewo mu 2012, anapita ku Bidvest Wits. Goloboyi wina, George Chigova, anapita ku SuperSport United. Komabe ligi inkabwerabe ku Mbare. Zinthu ziwiri sizinkasintha m'zaka zimenezo: mphunzitsi, ndi banki ya BancABC, imene inayamba kuthandiza Dynamos ndi Highlanders mu 2011. Mu ligi imene imagamulidwa ndi pointi imodzi kapena chigoli chimodzi, sabata imodzi ya kunyanyala ikhoza kuononga chaka chonse.

Mgwirizano wa a Pasuwa utatha kumapeto kwa 2014, sunaonjezeredwe. Anakaphunzitsa timu ya dziko n'kuifikitsa kumpikisano wa Africa Cup of Nations wa 2017 ku Gabon, ndipo mu Okutobala 2018 anafika ku Blantyre kukaphunzitsa Nyasa Big Bullets. Bullets ndi timu yofanana ndi Dynamos m'zambiri: ndi ya anthu a m'malokeshoni monga Ndirande, ili ndi ochemerera ochuluka ndiponso osachedwa kupsa mtima, ndipo inakhala zaka zambiri ikuvutika ndi ngongole. Kusiyana kwake n'kwakuti mu 2017 inaperekedwa m'manja mwa kampani ya Nyasa Manufacturing. Ali kumeneko, a Pasuwa anatenga ligi ya TNM kasanu motsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2023, asanapatsidwe timu ya dziko la Malawi, ya Flames, kumapeto kwa 2024.

Ochemerera Dynamos amatchula dzina la a Pasuwa nthawi iliyonse mpando wa mphunzitsi ukakhala wopanda munthu. Amene amaliona bwino phunziroli amati chimene Blantyre inapatsa mphunzitsiyu ndi zaka zisanu ndi chimodzi pantchito imodzi, timu ya achinyamata yotengako osewera, ndi ofesi imene inkadziwika mwini wake.

Ndalama pazokha sizinakwanire

Kungakhale kulakwa kunena kuti Dynamos yakhala yopanda thandizo. Mu Sepitembala 2021 kampani ya mafuta ya Sakunda Holdings inalengeza mgwirizano wa zaka zitatu wothandiza Dynamos ndi Highlanders, wa ndalama zokwana madola 5.3 miliyoni a ku America kwa matimu awiriwo pamodzi. Osewera anagulidwa, ndipo zotsatira zinasinthadi: timuyi inamaliza pachitatu m'nyengo ya 2021-22 ndiponso mu 2023. Ligi sinabwere, aphunzitsi anapitiriza kusinthidwa, ndipo patangopita zaka ziwiri timuyi inali ikulimbana ndi kutuluka mu ligi.

Izi zikusonyeza kusiyana kwa wothandiza ndi mwini. Wothandiza amapereka ndalama kwa nthawi yoikika, ndipo nthawiyo ikatha timu imabwerera pamene inali, pokhapokha ngati inagwiritsa ntchito mpatawo kumanga zinthu zokhalitsa monga malo ochitira zokonzekera, matimu a ana ndi kaundula wa mamembala olipira.

Funso la umwini ndilo lakhala bala la Dynamos kwa zaka zambiri. Malamulo oyamba a timuyi, a mu 1963, anaika mphamvu m'manja mwa amene anaiyambitsa ndi osewera akale. Pambuyo pake panakhazikitsidwa kampani, ndipo mkangano wa amene ali woyenera kuyendetsa timu unafika kubwalo lalikulu la Supreme Court mu 2006. Chigamulo chinaperekedwa koma mkangano sunathe. M'zaka zotsatira magulu a osewera akale anapitiriza kutsutsana ndi bodi yotsogozedwa ndi a Bernard Marriot Lusengo, mmodzi mwa osewera oyambirira a timuyi, pankhani ya masheya. Kampani iliyonse yofuna kuikamo ndalama zambiri imayamba yafunsa kuti ikambirane ndi yani, ndiponso ngati mgwirizano umene ingasaine lero sudzatsutsidwa kukhoti mawa.

Chitsanzo cha kunja chimene ochemerera a ku Harare amachidziwa bwino, poti amaonera ligi ya ku England pakanema, ndi Liverpool. Timuyo inakhala zaka 30, kuyambira 1990 mpaka 2020, osatenga ligi, ngakhale inkagula osewera okwera mtengo. Zinthu zinayamba kusintha itagulidwa mu 2010 ndi kampani ya ku America imene ilinso ndi timu ya baseball ya Boston Red Sox, yomwe nayonso inadikirapo zaka 86, kuyambira 1918 mpaka 2004. Eni atsopanowo analemba ntchito Jürgen Klopp mu Okutobala 2015, ndipo anamudikira pafupifupi zaka zisanu kuti abweretse ligi.

Timu yopanda bwalo lakelake

Vuto lina limene silioneka pamndandanda wa osewera ndi la bwalo. Rufaro ndi bwalo la khonsolo ya mzinda wa Harare, ndipo Dynamos imachita kubwereka. Pa ndalama zolipira pakhomo pamachotsedwa gawo la khonsolo, la apolisi, la mabungwe oyendetsa mpira ndi la ena, timu isanalandire yake. Bwaloli linakhala lotseka kwa zaka zingapo podikira kukonzedwa, mpaka linatsegulidwanso mu 2024. M'nyengo imeneyo Dynamos inkasewerera ku National Sports Stadium, kutali ndi Mbare, ndipo mu 2023 inafika pochitira masewero ena apakhomo ku Barbourfields mumzinda wa Bulawayo, mtunda woposa makilomita 400, pabwalo la adani ake a Highlanders.

Kwa timu ya pamgodi, kuchepa kwa anthu pabwalo si nkhani yaikulu, poti malipiro amachokera kukampani. Kwa Dynamos khamu ndilo chuma. Wogulitsa pamsika wa Mupedzanhamo kapena mmisiri wa ku Siyaso amatha kuyenda wapansi kupita ku Rufaro, koma sangasiye malonda ake n'kukwera basi ya ku Bulawayo.

Mipikisano ya mu Africa nayo yakhala ikudya ndalama m'malo mobweretsa. Kuyambira mu 2020 bungwe la CAF linakana mabwalo a ku Zimbabwe kuti sakufika pamuyezo, ndipo kuyambira Febuluwale 2022 mpaka Julayi 2023 dzikolo linali loimitsidwa ndi FIFA. Pamene Dynamos inalowa mumpikisano wa CAF Confederation Cup mu 2024, masewero ake apakhomo inakachitira ku Botswana. Inatulutsa ZESCO United m'ndime yoyamba, kenaka inagonja kwa Orapa United pamapenate, kutali ndi anthu ake.

Chiyembekezo chili ndi maziko

Ngakhale zili choncho, ochemerera amene amati chaka chamawa ndi chawo sakulota chabe. Choyamba, timuyi yasonyeza kuti pamasewero a tsiku limodzi ikhoza kugonjetsa aliyense. Inatenga chikho cha Chibuku Super Cup mu 2023, mu 2024 ndiponso mu 2025, chaka chomwecho chimene inatsala pang'ono kutuluka mu ligi. Chikho chotere chimafuna kupambana masewero ochepa, pomwe ligi ya matimu 18, monga inalili mu 2025, imafuna kulimba pamasewero 34 kwa miyezi isanu ndi inayi. Kusiyana kwa zotsatira m'mipikisano iwiriyi kukusonyeza kuti luso lilipo, ndipo chosowa ndi mphamvu yopirira chaka chonse.

Chachiwiri, akuluakulu amakumbukira 2007 ndi 2008. Timuyi inali itakhala zaka 10 osatenga ligi, kuchokera mu 1997, pamene a Mandigora anaibweretsa mu 2007. Chaka chotsatira, ndalama ya Zimbabwe itatheratu mphamvu ndipo m'masitolo mulibe katundu, Dynamos inatulutsa Étoile du Sahel ya ku Tunisia, imene inali akatswiri a Africa, n'kufika m'ndime ya matimu anayi, kumene inagonja kwa Coton Sport ya ku Cameroon. Amene anaona zimenezo savomera msanga kuti ndalama ndiyo imagamula zonse.

Chachitatu, mbiri ya ligi ya Zimbabwe ili ndi manda ambiri a matimu a munthu mmodzi. AmaZulu ya ku Bulawayo inatenga ligi mu 2003, ndipo patangopita zaka zochepa inazimirira. Monomotapa United inaitenga mu 2008, Gunners mu 2009, Motor Action mu 2010, ndipo pofika mu 2014 onse atatu anali atatuluka mu ligi yaikulu. Timu yodalira thumba la munthu mmodzi imayenda bwino malinga ngati malonda a munthuyo akuyenda, ndipo ya pamgodi imadalira mtengo wa miyala pamsika wa dziko lonse. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dynamos yadutsa m'nthawi ya nkhondo, ya kugwa kwa ndalama ndi ya mikangano ya m'makhoti, ndipo ikadalipo chifukwa anthu a m'malokeshoni sanaisiye.

Koma mfundo imeneyi imangotsimikizira kuti timuyi siifa msanga. Siikutsimikizira chikho. Matimu a anthu olemera akhoza kumagwa mmodzimmodzi, koma akagwa wina amadzuka wina, ndipo chaka chilichonse Dynamos imakumana ndi amene ali pachimake.

Zoyenera kuyang'ana

Kwa wofuna kudziwa m'mene chaka cha Dynamos chidzayendere, maina a osewera atsopano ndi chizindikiro chofooka. Zizindikiro zodalirika ndi zina. Kodi mwa osewera 11 amene ankayamba masewero chaka chatha, ndi angati atsala? Kodi ngongole za chaka chatha zalipidwa zokonzekera zisanayambe? Kodi mphunzitsi ali ndi mgwirizano wa zaka zingati, ndipo ndiye wasankha osewerawo? Kodi wothandiza timu wasaina mpaka liti? Kodi pali mnyamata ndi mmodzi yemwe amene wakwezedwa kuchokera kutimu ya ana?

Magulu atatu aja onse ali ndi mbali ya choonadi, koma njira ya lililonse imafuna chinthu chomwecho. Wogula akatswiri ayenera kuwalipira, wolera ana ayenera kuwasunga mpaka atakhwima, ndipo wofuna kusunga mphunzitsi ayenera kukhala ndi utsogoleri wosagwedezeka timu ikagonja katatu. Ochemerera ali ndi mphamvu pa zimenezi kuposa imene amaiganizira, poti ndiwo amalipira pakhomo, ndiwo amagula yunifolomu, ndiponso ndiwo amachititsa kuti makampani afune kuika dzina lawo pachifuwa cha malaya a buluu. Ku Blantyre kusintha kwa umwini wa Bullets kunatheka ochemerera atavomereza.

Ligi ikamayamba, mbali ya bwalo la Rufaro imene ochemerera Dynamos amaitcha Vietnam imadzaza, ng'oma zimalira, ndipo wosewera watsopano aliyense amalandiridwa ngati mpulumutsi. Mayeso enieni amabwera pakati pa chaka, m'miyezi yozizira, pamene msika wa osewera umatsegulidwanso, matimu a ndalama amayamba kuimba mafoni, ndipo osewera amawerengera miyezi imene alandira malipiro. M'zaka 11 zimene zinatsatira 2014, zimene zinkachitika m'miyezi imeneyi zinkanena zambiri za mathero a Dynamos kuposa maina onse amene ankatchulidwa m'minibasi mu Disembala.